Mayi a Pazenera pa Mzere wa Zowononga

Kazenera kolandirirapo malipiro pa fakitale ya masofa ija kanakhomedwa ndi kalipentala wamfupi, ndipo palibe amene anaganizapo zokakweza. Choncho aliyense wofuna kulankhula ndi mayi a mu ofesimo ankayamba wawerama, ngati munthu wodzapepesa. Mayiwo anazolowera kuona anthu pamutu. Ankadziwa mwamuna amene dazi layamba kumudya mkazi wake asanadziwe. Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso. Pafakitale ponse, mpaka kwa mayi wogulitsa nthochi pageti, anali Mayi a Pazenera.

Anabwera pamalopo ali mtsikana, atangomaliza sukulu ya taipi. Mwini fakitale, amene onse ankamutcha Mdala ngakhale imvi zisanamere, anawafunsa funso limodzi lokha: kusitolo kumene ankagwira ganyu kuja, patsiku ankagulitsa zingati?

"Zimenezo sindinganene, bwana."

"Ubwere Lolemba," anatero Mdala.

Tsiku lomwelo anaphunzira kuti chodzawadyetsa m'moyo uno si zala zawo koma milomo yotseka. Mdala akafuna kukamba za ndalama ankatseka chitseko, n'kukweza wailesi, n'kukokera mpando pafupi. Kunja macheka ankalira, makina osokera akuthamanga, anthu akukhosomola utuchi, osadziwa ngati mwezi utha bwino kapena utha ndi misozi. Mkatimo anthu awiri okha ndiwo ankadziwa kuti hotela ya kumtunda yaitanitsa mipando ya chipinda chonse chodyera, kuti banki yakana, kuti wogulitsa matabwa waopseza. Mayiwo sanabepo ngakhale pensulo, sananamepo, sanaululepo. Koma nkhope yawo inali nyuzipepala. Magalasi akakhala pamphumi, malipiro abwera pa nthawi yake. Akatsikira pamphuno, kauzeni eni nyumba adikire. M'mawa anthu ankafunsana chapansipansi, "Lero magalasi ali pati?"

Ulemu umenewo unkabwera ndi tinthu take. Mpando wawo ukayamba kulira, kalipentala ankaukonza asanapemphedwe. Pa ukwati wa mwana wa mnzawo wa pantchito ankawakhazika kutsogolo, pafupi ndi keke. Sanali olemera, ankangokhala pafupi ndi moto, ndipo anthu ankaona ngati nawonso amawotcha.

Amuna awo ankagwira pomwepo, pa benchi yokutira masofa. Ntchito yawo inali kukoka nsalu pa siponji n'kuikhomera kuthabwa, ndipo timisomali ankatisunga m'kamwa, n'kumatitulutsa kamodzikamodzi ndi lilime. N'chifukwa chake anali a Misomali. Munthu wodzaza misomali m'kamwa sayankha moni, amangokweza nsidze. Atakwatirana, dalaivala wa lole ya pafakitalepo, amene pakamwa pake panalibe buleki, ananena kuti wina sangalankhule, wina safuna, ndiye m'nyumba mwawomo ngakhale wotchi iziyenda monyang'ama.

Sizinali kutali ndi zoona. Analera ana awo m'nyumba ya zipinda ziwiri mopanda phokoso, ndipo a Misomali sanafunsepo n'kamodzi komwe za mu ofesi. Mwana akasowa nsapato, bambo ankangoyang'ana nkhope ya mayi. Mayi akati, "Kagulenitu, bambo," ndiye kuti mwezi uli bwino. Akati, "Zakalezi zikadali zolimba," bambo ankatenga guluu. Mayi a Pazenera ankatcha zimenezi chikondi, ndipo mwina chinalidi. Koma munalinso kukoma kwina kumene sanakupatsepo dzina ngakhale mumtima: mwamuna wamphamvu, wa manja ngati mafosholo, ankadikira pa nkhope yawo ngati mlimi pa mitambo.

Ana anakula n'kuchoka. Kenaka Mdala anagwa m'bafa, mbali imodzi n'kufa, pakamwa n'kupindika. Mwana wake wamkazi anabwera kuchokera kunja kumene anakhala zaka zambiri. Anabwera ndi mutu wometa, nsapato zothamangira, ndi botolo la madzi limene ankayenda nalo ngati khanda. Sankakhala pansi, ngakhale pomwa tiyi ankayendayenda. Chilichonse chotuluka pakamwa pake chinkayamba ndi "Kunjaku," ndipo sabata isanathe limenelo linali dzina lake. Chilankhulo chakwawo chinali chitachita dzimbiri: mawu ankawapeza, koma nthawi zina ankatola liwu loyandikana ndi limene akufuna.

Mayi a Pazenera anamulandira ndi manja awiri. Mwanayu ali wakhanda ankagona pa chidutswa cha siponji pansi pa desiki yawo. Anapukuta mpando wa Mdala, anapukuta wailesi, n'kudikira kuti chitseko chitsekedwe.

Kunjaku anasiya khomo lili pululu.

"Anti, ndikufuna zonse za chaka chino. Zolowa, zinazo, zonse. Tizilemba pakhoma."

"Khoma liti?"

"La m'shedi modyera anthu. Ndagula kale penti yakuda."

"Kuti aziwerenga ndani?"

"Onse. Munthu angapalase bwanji njinga atamangidwa m'maso? Adadi akhala akuyendetsa fakitale ino ngati maliro, aliyense akunong'ona."

"Mwanangu, ndalama ndi chovala chamkati. Aliyense amadziwa kuti wavala, koma suyanika kumsewu."

"Kunjaku amayanika, Anti. Zimauma msanga." Anamwa madzi. "Ndipo Lachisanu lililonse wina aziima n'kumafotokoza. Ndimaganiza inuyo."

"Choko chimandiyetsemulitsa."

Ankayembekezera kuti mwanayo awachonderera kawiri kapena katatu, monga amachitira munthu woleredwa. Kunjaku anangoti, "Chabwino," n'kutuluka. Kumene anakhalako, munthu akati ayi amatanthauza ayi.

Lachisanu loyamba anthu anakhala pa mabenchi, mbale zili pamiyendo. Kunjaku analemba mitu itatu ndi zilembo zazikulu. Woyamba: ZOLOWA. Womaliza: PHINDU. Pa wapakati anaima kaye, choko chili m'mwamba, akusakasaka liwu la ndalama zimene zimachoka. Chimene chinamubwerera ndi mawu a bambo ake akukalipa iye ali mwana, kuti mukuwononga ndalama m'nyumba muno. Ndiye analemba: ZOWONONGA.

Akalipentala anali ndi mzere wawo, osoka wawo, okuta masofa wawo, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse kunali kanambala pansi pa Phindu. M'munsi munabwera zinthu zongodya osabala: lendi, magetsi, mafuta a lole, siponji yodyedwa ndi makoswe, ofesi. Kumapeto kwa zimenezi Kunjaku ankangokoka kamzere, kutanthauza kuti palibe.

Ofesi inali munthu mmodzi.

Dalaivala anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati mwana wongoyamba sukulu. "O-fe-si. Zo-wo-no-nga. Phindu..." Anapendeketsa mutu. "Palibe. Mayi, pepanitu. Akuikani pansi pa makoswe."

Anthu anafa nalo phwete. Kunjaku anaseka nawo osadziwa chaseketsa n'chiyani. Mayi a Pazenera anamwetulira monga amachitira munthu wopondedwa chala m'basi, n'kuyang'ana amuna awo. A Misomali sankaseka. Koma sankayang'ananso kwa iwo. Maso awo anali pakhoma, pa mzere wa okuta masofa, milomo ikugwedera ngati akupemphera.

Lamlungu mayiwo anapita kukaona Mdala, akuti mwina mwini wake akamva aletsa. Anamupeza pakhonde, bulangete lili pamiyendo. Anawerama n'kumunong'oneza kukhutu kuti mabuku onse ali pakhoma, ngakhale mlonda akuwerenga. Mdala anayesa kulankhula. Panatuluka malovu ndi phokoso. Kenaka mbali yamoyo ya nkhope yake inakwera. Mayiwo anabwerera osadziwa ngati kunali kulira kapena kuseka, ndipo njira yonse ankaopa kuti kunali kuseka.

Chowawa kwambiri chinali chakuti bolodi la pakhoma lija linagwira ntchito. Likanalephera akanalikhululukira. Kunjaku anajambula mzere wofiira pamwamba n'kulonjeza kuti phindu likaudumpha, chapamwambacho agawana onse. Akalipentala, amene kale ankataya zidutswa za matabwa zoti munthu n'kumangira khola, anayamba kuzisunga m'katoni. Wina anabwera ndi mphaka. Anthu anayamba kukalipirana pa babu loyaka masana. Ndipo panatulukira Kasingano.

Anali mtsikana wa pa makina osokera, woonda, wa mawu akuthwa, amene Mayi a Pazenera ankangomudziwa ndi mzere wa pakati pa tsitsi lake. Lachisanu lililonse dzanja lake linali m'mwamba. Bwanji nsalu timagula kwa munthu mmodzi yekha? Bwanji zidutswa za siponji sitisokera mapilo? Mafunso ena anali opusa, ena ayi, koma iye sankachita nawo manyazi onsewo. Posakhalitsa Kunjaku anamuponyera choko. "Uziima iwe. Ine ndimasokoneza mawu."

Manambala ankawakonzabe ndi Mayi a Pazenera. Lachinayi ankawalemba bwinobwino papepala, Kasingano n'kudzatenga pazenera, mawa lake n'kukawanena pamaso pa anthu ngati anawalota yekha. Anthu ankamuombera m'manja. Wophika amatsala kukhitchini. Zikomo amalandira ndi wonyamula mbale.

Kazenera kaja kali ndi khalidwe lake: ukakhala mkati, anthu a patali umawaona kuyambira pachifuwa kutsika. Ndiye chimene mayiwo ankaona tsiku lonse anali manja. Manja a amuna awo, amene ankawadziwa chipsera chilichonse, ndi timanja ta Kasingano, onse pa nsalu imodzi, akuyeza, akutembenuza, akulozerana poti adule kuti pasatsale chotaya. Tsiku lina anaona dzanja lalikulu lija likupita kukamwa, n'kutsika litadzaza timisomali, n'kutikhuthulira m'chitini. Kenaka anamva phokoso limene sanalizindikire msanga. A Misomali ankaseka.

Kunyumba munthu uja anasanduka wailesi.

"Mayi, mukudziwa kuti siponji yakweranso?"

"Ndikudziwa."

"Eetu. Kasingano akuti tikamadula chopingasa, pamwezi tizipulumutsa yokwanira mpando wathunthu."

"Kasingano akuti."

"Ali ndi mutu mwana uja."

"Aliyense ali ndi mutu, bambo. Mituyo ndimaiona tsiku ndi tsiku."

A Misomali anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala.

Mayiwo sankaganiza zoti amuna awo akufuna mtsikanayo. Zikanakhala zimenezo bwenzi zili zosavuta. Matenda amenewo mankhwala ake amadziwika. Apa panalibe poti umugwirire munthu. Ukadandaule kwa ndani kuti mwamuna wanga wayamba kulankhula? Chimene chinkawadya n'chakuti mawu onsewo anali m'kamwamo zaka zonsezi, kuseri kwa misomali, ndipo amene anawatulutsa si iwo.

Kenaka linafika tsiku limene a Misomali anaima pakhomo la kuchipinda, akupukuta m'manja, n'kunena mokoma mtima, "Makatani mumawafuna aja, kagulenitu. Mwezi uno uli bwino."

Kale mawu amenewo ankatuluka pakamwa pa Mayi a Pazenera. Makataniwo sanagule.

Zimene anachita pambuyo pake sanachite kuzikonza. M'mawa wina Dalaivala anawerama pazenera kudzadinditsa pepala la mafuta.

"Mwadzuka bwanji, Mayi Zowononga? Anzanu makoswe atha, mwatsala nokha pa mzere."

Mayiwo anadinda pepalalo.

"Komatu dziko lasintha," anapitiriza. "Kale tinkanjenjemera ndi magalasi anuwo. Pano zonse tikuzidziwa."

Mayiwo anatsitsira magalasi pamphuno, n'kumuyang'ana pamwamba pake.

"Zonse?" anatero.

Anaseka pang'ono m'mphuno, n'kutseka kazenera.

Liwu limodzi lokha, ndipo silinali bodza, linali funso. Koma analipereka kwa munthu woyenda ndi lole. Pofika masana, mu ofesi munali buku lachiwiri. Mawa lake bukulo linali lofiira ndipo linkagona m'chikwama cha Kunjaku. Sabata yotsatira fakitale inali itagulitsidwa kale kwa anthu akunja, bolodi linali longowagoneka tulo kuti agwire ngati abulu mpaka tsiku lotseka, ndipo mzere wofiira uja ena anauona ndi maso awo utakwera wokha. Akanakana ndani? Mwana wa bwanayo sankakhala pansi, sutikesi yake akuti sanaimasule, ndipo anthu amene moyo wawo wonse anaona kuti ndalama zenizeni zimakambidwa chitseko chotseka sanavutike kukhulupirira kuti za pakhoma n'zachibwana.

Mitu inabwereranso pazenera.

"Mayi, ine ndi inu tinayamba kalekale. Ndiyambe kufuna kwina?"

"Ine sindinanene kanthu."

"Ndamva, Mayi. Zikomo kwambiri."

Wina anakonza fani ya mu ofesi imene inafa kalekale. Dzina la Zowononga linazimiririka. Mayiwo ankapita kunyumba ali owongoka ngati mtsikana, ndipo tisanamizane, zinkakoma. Zinkakoma ngati kukanda polumidwa ndi udzudzu.

Zidutswa za matabwa zinayamba kutuluka pageti m'zikwama. Akalipentala ena anapita ku fakitale ya kutsidya kwa njanji. Kasingano akaima Lachisanu, wina kumbuyo ankati, "Tiwerengereni za buku linalo, aphunzitsi," ndipo phindu, limene linatsala pang'ono kukhudza mzere wofiira, linayamba kubwerera pansi, zimene kwa anthuwo zinali umboni wina.

Tsiku lina Kasingano anabwera kudzatenga pepala lake. Sanawerame. Ananyonyomala mpaka nkhope yake inadzaza kazenera, maso ndi maso. Aka kanali koyamba mayiwo kumuona bwinobwino: khungu losalala, kachipsera pachibwano, maso ofiira ngati sanagone.

"Mayi, ngati bukulo lilipo ndiuzeni. Ndisamaime pamaso pa anthu ngati chitsiru."

"Iwe si ndiwe wa choko? Ine ndine wa zowononga. Ndingadziwe chiyani?"

"Ine ndimangonena zimene mwandilembera inu. Akamanditukwana amatukwana dzanja lanu."

"Pokuombera m'manja sunanene kuti dzanjalo ndi langa."

Mtsikanayo anadzuka. Anatenga pepala n'kupita.

A Misomali anabwezera misomali m'kamwa. Kunyumba kunabwerera bata lakale, ndipo mayiwo anadikira kuti likome ngati kale. Silinakome. Bata la munthu amene sunamumvepo akulankhula ndi lina, la munthu amene wachita kusiya ndi linanso. Lachinayi lina, chakudya chili patebulo, bambowo anaika supuni pansi.

"Mayi, chikwatiranireni sindinakufunsenipo za ku ofesi."

"Simunandifunsepo."

"Lero ndifunse. Akutsidya kwa njanji akundifuna. Msinkhu wangawu, fakitale ikatsekedwa ndili momwemo, palibe adzanditole. Zimene akunena anthuzi, zilipo?"

Maso awo anali pankhope ya mayiwo, akudikira, monga nthawi ya nsapato za ana. Mayiwo anamva kutentha kokoma pachifuwa. Yankho ankalidziwa, linali lalifupi, ndipo ankadziwanso kuti akangolinena maso amenewo abwerera kukhoma. Anati alisunge pang'ono, mawa adzanena.

"Idyani, bambo. Chakudya chikuzizira."

A Misomali anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kutola supuni. M'mawa analawirira mayiwo asanavale.

Tsikulo Kunjaku analowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Kanali koyamba. Sanayendeyende, anakhala pansi penipeni, msana kukhoma, botolo pakati pa miyendo.

"Anti, ndatopa. Ndinkaganiza kuti ukawaonetsa anthu zonse, basi, nkhani yatha. Pano ndikamalumbira kuti palibe buku lina amandiyang'ana ngati wakuba waulemu. Adadi sangathe kulankhula. Mwatsala ndi inu."

Mayiwo anasanja mapepala amene anali osanjika kale.

"Komanso andiuza za liwu lija. Zowononga. Ine ndimafuna kunena zotuluka, ndalama zongotuluka basi. Miyezi yonseyi anthu akukusekani ndi liwu langa. Bwanji simunandiuze?"

"Sunandifunse."

"Ndikufunsani pano. Lero muime ndinu. Inu akukhulupirirani, simunawanamizepo."

Mwanayo anatuluka, mayiwo n'kutsala okha. Chimene ankachilakalaka chinali chitabwera, chitseko chotseka ndi mwana wa bwana ali pansi, koma chinabwera ngati mvula ya pambuyo pokolola. Anaganiza za amuna awo, pa msinkhu umenewo, akukayamba ntchito pakati pa alendo chifukwa cha buku limene kulibe. Anatsegula kabati n'kuyamba kutsitsa mafailo.

Masana anawanyamula okha n'kuwaunjika patebulo la m'shedi: a banki, a malisiti, mpaka akale a nthawi ya taipi. Kunjaku anali atafufuta liwu lija n'kulemba ZOTULUKA, koma lakale linkaonekerabe pansi pake. Kasingano anawapatsa choko osawayang'ana.  Amuna ena anavula zipewa.

Mayi a Pazenera anali asanalankhulepo kwa anthu ambiri nthawi imodzi. Mawu awo anatuluka aang'ono.

"Abale anga, mabuku onse a fakitale ino ndi awa. Lina kulibe. Lofiira kulibe, lobiriwira kulibe. Fakitale sinagulitsidwe. Zimene mwanayu amakuwerengerani ndimalemba ndine, ndipo zonse n'zoona. Ine ndinataya liwu lina mopanda nzeru chifukwa mtima unkandiwawa. Tsegulani muone nokha."

Palibe anadzuka. Anthu anagwedeza mitu mwaulemu, ngati ana m'kalasi mukalowa woyendera sukulu.

"Tamva, Mayi," anatero Dalaivala mofatsa. Kenaka anayang'ana Kunjaku amene anaima pakhomo, anayang'ananso mayiwo, n'kutsinzina diso limodzi.

"Ndikunena zoona," anatero mayiwo.

"Eee, zoona zokhazokha."

Kumbuyo wina ananong'ona, mokweza moti onse anamva, "Nanga akanati chiyani, bwana ali pomwepo? Taonani mmene akunjenjemerera, mayi wachifundo."

Anayesanso. Anatsegula buku limodzi, analoza, anawerenga. Akamalimbikira, nkhope za anthu zinkangofewa ndi chisoni. Zaka zonse zija anawaphunzitsa okha kuti pakamwa pawo sipatuluka kanthu, kuti zoona zimakhala pa magalasi. Ndipo magalasiwo, chifukwa cha thukuta, anali atatsetserekera kunsonga kwa mphuno.

Poweruka a Misomali anawadikira pageti, zimene sankachita kawirikawiri, n'kuwalandira chikwama. Anayenda m'mbali mwa msewu, malole akuwathira fumbi.

"Mwalankhula bwino," anatero bambowo.

"Ndiye mwamva. Musapite kutsidya."

"Musadzivute, mayi. Ine sindinakwiye. Ntchito yanu ndi yotero, ndipo mwaigwira mpaka pamapeto. Dzulo munandiyankha mokwanira."

"Dzulo sindinayankhe kanthu."

"Eetu."

"Bambo, tandiyang'anani. Kulibe buku. Ndinangopsa mtima ndi kamtsikana kaja, ndi bolodi, ndi inu nomwe ndi kuseka kwanuko. Ndikulumbira pa ana athu."

A Misomali anaima, n'kuwagwira paphewa ndi dzanja lolemera lija, mwachikondi, ngati akuyesa siponji.

"Ana asiyeni. Ndasaina kale m'mawa uno, ndiyamba Lolemba. Inu khalani pomwepa mpaka atseke, mudzalandire zanu. Nyumba isadalire khomo limodzi." Anayambanso kuyenda. "Ndipo za mwana uja musadandaule. Anthu amuzunza mokwanira. Ndawauza akutsidya kuti sindibwera ndekha, ndili ndi wosoka wanga. Amutenga. Basi yathu ndi imodzi, tizikwerera limodzi pamphambano paja."

Mayi a Pazenera anaima pakati pa njira. Wanjinga anawaimbira belu, n'kuwazungulira.

"Bweretsani chikwama changa," anatero.

"N'cholemera, mayi."

"Bweretsani."